Watuluka Bwino

Goodwell Chinkhata anabwera ku Joni ndi miyendo yolimba, koma mgodi wa pulatinamu unamudya bondo, n'kumusiya m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Phokeng. Kugonja sakudziwa munthu ameneyu. Anagula kalaputopu kothyoka pakona, nadziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu, anzake akumuseka kuti wasanduka kalaliki.

Kapulogalamu kake kanali ndi ntchito imodzi. Amalawi anzake akatuluka pansi masana ankamutumizira nthawi imene atulukira, ndipo kompyuta inkadziwitsa akazi awo kumudzi kuti uje watuluka bwino nthawi yakuti.

Chiganizo chotere chimapangidwa m'njira ziwiri. Ina ndi yolumikiza zidutswa ndi chizindikiro cha pulasi, chija chophatikizira pa masamu: dzina, mawu, nthawi. Imeneyi ndi yamakani, chidutswa chimodzi chikasowa pulogalamu yonse imaima. Inayo umalemberatu chiganizo cha mipata, kompyuta n'kumangodzaza, ndipo pakasowa kanthu imadutsa osafunsa.

Goodwell anayamba ndi ya pulasi. Koma anthu kuiwala. Wina akathamangira takisi osatumiza nthawi, mauthenga onse ankaima, foni n'kumangolira, azimayi a ku Mangochi ndi ku Ntcheu mitima ili m'mwamba. Zitamukwana anasinthira ku ya mipata, ndipo anadzitama nazo sabata yathunthu.

Lachitatu lina mwala unagwera Mohamadi, mnzake amene anamubereka kumsana tsiku la bondo lija. Nthawi yake sinabwere. Kompyuta sinaime. Mkazi wake, Kulusumu, anawerenga kuti mwamuna wake watuluka bwino, nayamika Mulungu, napita kumsika kukagulitsa mandasi. Za maliro anazimva m'mawa mwake.

Patatha mwezi Kulusumu anamuimbira foni Goodwell.

"Alamu, sindikukuimbani mlandu. Koma uthenga uja munalemba ndinu?"

"Ndine, alamu," anayankha Goodwell.

"Ndimauwerengabe," anatero mayiyo, nadula.

Goodwell analira ngati mwana, ndipo chisoni chimenecho sichinamuchoke mpaka lero. Anabwerera ku njira ya pulasi tsiku lomwelo. Dzina la Mohamadi sanalifufute, mtima ukukana. Masana alionse pulogalamu ikafika pa dzinalo imaima, ndipo iye amaidumphitsa yekha kuti akazi a anzake amve kuti amuna awo atuluka.