Bambo Anga Anatsala ndi Liwu Limodzi

Ndikukumbukira fungo la fodya m'chigafa tsiku limene anthu a mfuti anafika kwathu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mudzi wathu unali kufupi ndi mishoni ya Massangulo, ku Ngauma, ndipo bambo anga, a Anastasiyo, ankaphunzitsa pa kasukulu ka udzu kuseri kwa munda wathu. Anthu sankawatchula dzina, ankangoti a Profesolo. Anali munthu wa pakamwa. Ankalankhula Chinyanja, Chiyao ndi Chipwitikizi, ndipo akayamba kuyala nkhani pa ukwati, amayi ankachita kuwakoka malaya kuti ena alankhuleko.

Masiku amenewo uphunzitsi unali mlandu. Anthu a kutchire, zigawenga zomwe zinkamenyana ndi boma, ankati mphunzitsi aliyense ndi diso la boma. Anafika dzuwa litakwera kale, ife tikumanga fodya. Sanawombere mfuti, zipolopolo ankazisunga. Anawagwaditsa bambo pabwalo, natisonkhanitsa tonse kuti tione. Mnyamata wina, yemwe ndevu zinali zisanamere n'komwe, anatola musi pa mtondo wa amayi n'kuwamenya nawo kumanzere kwa mutu, pamwamba pa khutu. Zinamveka ngati dzungu lagwa pa mwala. Kenaka anakokolola chimanga, anamasula mbuzi, anayatsa sukulu, n'kumapita akuimba mluzu.

Bambo sanafe. Anatsitsimuka tsiku lotsatira, dzanja lamanja lili lende, pakamwa patapendekera mbali imodzi. Amayi anawagwira chipumi, nawaitana potchula dzina langa.

"Bambo a Luiza, mukundimva?"

Bambo anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mawa."

Tinasangalala. Tinkayesa akuti adzalankhula bwino mawa. Koma titawapatsa madzi anati mawa. Titawafunsa pomwe pakupweteka anati mawa. Pa zilankhulo zitatu zija, musi unawasiyira liwu limodzi lokha.

M'mudzi simunali mokhalanso. Che Saidi, Msilamu wina wogulitsa nsomba zouma za ku Amaramba, yemwe bambo ankakonda kutsutsana naye za chipembedzo, anawakweza pa njinga yake n'kuikankha mpaka ku Mandimba, ife tikutsatira ndi mitolo pamutu. Anthu ambiri ankawolokera ku Malawi. Amayi anakana. Anati ku Cuamba kuli chipatala chachikulu, komanso kuli mlongo wawo wogwira ntchito pa njanji. Choncho tinadikira koluna, mndandanda wa malole operekezedwa ndi asilikali, ndipo tinayenda tsiku lathunthu titapanikizana pa matumba, tikudutsa magalimoto opsa m'mbali mwa msewu.

Ku chipatala kunalibe mankhwala. Namwino wina anapapasa pamutu podyoka ndi musi paja, nati chilonda chapola, koma za m'kati mwa mutu iwo sangazithe. Tinakakhala m'kanyumba kuseri kwa amalume, pafupi ndi njanji. Amayi ankapita kukapalira m'minda ya eni kuti tidye, ndipo ntchito yanga inali kukhala ndi bambo. Ndinkawadyetsa, kuwapukuta malovu, kuwatulutsa padzuwa.

Ana a m'deralo sanachedwe kuwatulukira. Anawapatsa dzina loti Che Mawa. Ankabwera gulu, n'kukhala pa mtunda woti sindingawagende.

"Che Mawa, udzasamba liti?"

"Mawa."

"Udzafa liti?"

"Mawa."

Ankagubuduka ndi phwete. Akuluakulu nawonso, podutsa ndi madzi kapena nkhuni, ankaima pang'ono kuti amveko. Bambo ankatsinzina, n'kumamenya ntchafu yawo ndi dzanja lamanzere mpaka inatupa. Tsiku lina ndinawafunsa amayi ngati bambo amamva zimene anawo amanena.

"Samva, mwanangu," anatero amayi. "Mulungu anawachitira chifundo. Ali ngati khanda."

Mawu amenewo ndinawagwiritsitsa. Ndi amene ankandithandiza kumeza chakudya.

Lamlungu lina tinawatengera ku tchalitchi, akukoka mwendo, atatsamira pa phewa la amayi. Kwaya itayamba nyimbo ina yomwe tinkaimbanso ku Massangulo, ndinamva liwu pambali panga. Anali bambo. Ankaimba mawu onse, limodzi ndi limodzi, osaphonya, ndi besi lawo lija lomwe ndinkayesa linapita ndi musi. Amayi analira mokweza mpaka anthu anatembenuka. Titatuluka panja anawagwira manja onse awiri.

"Bambo a Luiza, ine ndine ndani?"

Anayesetsa. Mitsempha ya pakhosi inatuluka. Kenaka anati, "Mawa."

Kuyambira pamenepo, ndikamalira ndi njala kapena ana aja akandigenda, bambo ankandikokera pafupi n'kundiimbira nyimbo ija. Kunena dzina langa sankatha, koma kuimba ankatha. Palibe anatha kutiuza chifukwa chake.

Nyengo yotentha itafika, sitima yochokera ku Nampula inatchingidwa panjira ndi anthu a kutchire, ndipo anthu ambiri anafa. Tauni yonse inagwidwa ndi mantha. Kunamveka mphekesera zoti a kutchire ali pafupi, ndipo ali ndi akazitape pakati pa ife othawa kwawo. A milisiya, anyamata a m'tauni momwemo omwe anapatsidwa mfuti kuti azilondera, anayamba kuyenda khomo ndi khomo kutola amuna achilendo. Anatipeza masana, bambo atakhala pa mphasa, ine ndikuwachotsa matekenya. Ndinagwira kumapeto kwa malaya awo osasiya, ndipo tinafika limodzi pabwalo la kuseri kwa nyumba yosungiramo thonje.

Panali anthu ambiri odzaonerera. Mkulu wa a milisiya anali munthu wamfupi, wa mapazi aang'ono m'nsapato zazikulu, ndipo Chinyanja ankachidziwa. Anakhala pa mpando pamthunzi, akusenda chinangwa chachiwisi ndi mpeni wa pamfuti. Amuna ankabwera mmodzimmodzi, kunena dzina ndi kwawo, ena n'kumasulidwa. Kenaka inafika nthawi ya bambo.

"Dzina?"

"Mawa."

"Ukuchokera kuti?"

"Ku Ngauma," ndinayankha ine msanga. "Amadwala, achimwene. Satha kulankhula."

"Ndafunsa iwe?" Anandiloza ndi mpeni uja. Kenaka anawayang'ana bambo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ku Ngauma ndi kwa zigawenga. Tandiuza, mdala. Anzakowo afika liti muno?"

Bambo anatseka pakamwa ndi dzanja lawo lamanzere, n'kufinya zolimba mpaka zala zinayera. Thukuta linkatsika m'masaya. Mkulu uja anakodola mnyamata wina, yemwe anachotsa dzanjalo n'kulipotolera kumsana.

"Ndati afika liti?"

Anawamenya khofi. Anawamenyanso lina. Lachitatu, liwu lija linatuluka lokha, ngati kukhosomola.

"Mawa."

Mkulu uja anaimirira, natembenukira ku gulu la anthu. "Mwamva nonse. Sindinamuphunzitse ndine."

Ndinakuwa. Ndinati ndi liwu lokhalo lomwe amatha, ndinati anawamenya ndi musi anthu omwewo a kutchire, ndinakoka mutu wawo kuti aone podyoka paja. Ndinayang'ana m'gulu muja kufuna mboni. Munali amayi a ana omwe ankabwera kwathu tsiku ndi tsiku kudzaseka. Munali bambo wina yemwe dzulo lake anawafunsa kuti nkhondo idzatha liti, naseka mpaka misozi. Onsewo ankadziwa. Onsewo anayang'ana pansi.

"Chipsera chimenecho anachitengera kunkhondo," anatero mkulu uja. Komabe ndinaona kuti wakayika pang'ono. Anagwira dzanja lopuwala lija, kulikweza, n'kulisiya kuti ligwe. Anachitanso kachiwiri. Mwina akanawasiya. Mpaka lero sindidziwa.

Koma ine ndinali ndikukuwabe, ndipo mnyamata wina anatopa nane. Anavula lamba n'kundikwapula kumaso ndi mbali ya chitsulo. Ndinagwa, m'kamwa mutadzaza magazi ndi fumbi, ndikulira ngati mbuzi yomangidwa.

Pamenepo bambo anayamba kuimba.

Anaimba nyimbo yathu ija, akundiyang'ana ine ndekha, dzanja lili chipotolere kumsana. Mawu ake anali omveka bwino kuposa tsiku lina lililonse. Ndime yonse inatha, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe.

Mkulu uja anaseka mpaka anagwetsa chinangwa chake. "Wosalankhula uja ndi ameneyu? Mumangeni."

Anawamanga zigongono kumsana ndi chingwe chonyowetsedwa, n'kuwagoneka chafufumimba padzuwa. Chingwe chikamauma chinkalowa m'mnofu. Amayi anafika akuthamanga, khasu lili m'manja. Anagwada, anakwawa, anagwira nsapato zazikulu zija, akumutchula mkulu uja kuti bambo, kuti mfumu, kuti mwana wanga. Iye anawakankha ndi phazi.

Tsiku lotsatira a kutchire sanabwere. Tinkayesa kuti tsopano aona kuti bambo analibe mlandu. Koma mkulu uja anauza anthu kuti adani abwerera chifukwa kazitape wawo wagwidwa, ndipo anthu anamuombera m'manja. Bambo anawakweza pa lole pamodzi ndi amuna ena. Amayi ankapitabe ku bwalo lija ndi kambale ka chakudya, ndipo ankauzidwa kuti amuna awo anapita kokaphunzitsidwa khalidwe. Anyamata aja ankalandira chakudyacho n'kudya amayi akuona. Patapita milungu, ndinaona malaya a bambo pa msika, atavala mmodzi mwa iwo. Ndinawazindikira chifukwa cha chigamba chomwe ndinasoka ndekha. Manda awo sitiwadziwa.

Nkhondo itatha, masisitere ena anandithandiza kubwerera ku sukulu. Ndinali wamkulu kuposa anzanga onse m'kalasi, koma ndinali ndi funso lomwe linkandidya: munthu angaimbe bwanji mawu amene sangathe kuwalankhula? Funso limenelo linandifikitsa ku yunivesite, kenaka kunja kwa dziko. Lero ndimafufuza za ubongo. Ndimakhala m'labotale ndikuyang'ana maselo a mu ubongo wa mbewa, kufuna kudziwa kuti ndi mapuloteni ati m'kati mwa selo amene amalamula kuti selo lovulala life kapena lipulumuke. Ndimaphunzitsanso achinyamata ofuna udokotala ndi ukatswiri wa sayansi. Anthu akamandiyamikira amati ndinasandutsa chisoni kukhala chinthu chaphindu. Ndimangomwetulira.

Yankho la funso langa ndinalipeza ndili m'chaka chachitatu ku yunivesite. Mphunzitsi wathu anajambula ubongo pa bolodi, nazunguliza kamalo kakang'ono kumanzere. Anati pakawonongeka pamenepo munthu amalephera kutulutsa mawu, nthawi zina amatsala ndi liwu limodzi lomwe limatuluka ngakhale asakufuna. Nyimbo zimadzera njira ina, n'chifukwa chake ena amaimba. Ndinkalemba mofulumira, ndili ndi chimwemwe chachilendo. Ndinali nditapeza chimene ndinachisaka zaka zonsezo.

Kenaka anawonjezera, akufufuta bolodi, ngati chinthu chaching'ono: "Koma musanamizike. Ambiri mwa odwala otere amamva zimene mukunena. Nzeru zawo zili momwemo. Amadziwanso kuti liwu lomwe latuluka si limene amafuna."

Ndinakweza dzanja. Ndinafunsa ngati munthu wotero angamvetse funso, n'kudziwiratu kuti yankho lomwe lituluke limupweteka.

"Kwambiri," anatero. "Ena amayesa ngakhale kudzitseka pakamwa."

Ndinatuluka m'kalasimo ndisanatseke buku. Ndinakasanza kuseri kwa nyumba. Funso lililonse la ana aja, kuseka kulikonse, ngakhale amayi powatchula kuti khanda iwo ali pomwepo, bambo anazimva. Pabwalo la thonje paja anamvetsa bwino lomwe chimene ankafunsidwa. A Profesolo anali m'menemo, athunthu, ndi zilankhulo zawo zitatu.

Pa tchuthi ndinapita ku Mandimba, komwe amayi anakhazikika nkhondo itatha. Ndinali nditakonzeka kuwauza. Ndinawapeza akutong'ola chimanga pakhonde, maso atayamba kuchita khungu. Tinacheza za mvula, za mitengo ya fodya, kenaka nkhani inafika yokha pa bambo.

"Bola sankadziwa chomwe chinkachitika," anatero amayi. "Iwe waphunzira za mitu ya anthu. Si choncho?"

"Ndi choncho, amayi," ndinatero. "Sankadziwa."

Anamwalira akukhulupirira zimenezo.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti maphunziro ndi mankhwala, kuti ndikadzamvetsa chimene chinachitika m'mutu mwa bambo mtima wanga udzakhala pansi. Maphunziro anandilanda chitonthozo chokhacho chomwe ndinali nacho, ndipo kafukufuku wanga wa zaka zonsezi sanabwezerebe munthu aliyense liwu ndi limodzi lomwe. Ndimapitirizabe, chifukwa mwina ophunzira anga adzafika pomwe ine sindidzafika. Koma chimene ndikumvetsa tsopano si cha maselo. Ana aja ankati mulibe munthu kuti aseke bwino. Anthu a m'gulu muja anati mulibe munthu kuti akhale chete bwino. Ifenso, amene tinkawakonda, tinati mulibe munthu kuti tithe kupirira. Odana nawo ndi owakonda tinagwirizana chimodzi, ndipo bambo anga anakhala miyezi yawo yomaliza ali okhaokha pakati pathu, akutimva tonse.