Chipewa cha a Mathero

Malume anga a Mathero anali munthu wa chipewa. Anachiluka okha ndi mlaza, chochindikala bwino, ndipo ankachivala ngakhale popita kukasamba. Ntchito yawo pa esiteti ina kufupi ndi Mikolongwe inali yokankha njinga yamoto ya mzungu mpaka ilire, kenako n'kudumphira kumbuyo kuti akaikankhenso ikazima pachitunda.

Masiku amenewo munthu wakuda sankavala chipewa pamaso pa mzungu. Malume anayesa kudandaula kuti, "Bwana, ine ndimakhala kumbuyo kwanu, simundiona." Mzungu anati mwano ndi mwano, kaya kumbuyo kaya kutsogolo. Choncho chipewa chinkatsala kunyumba.

Mu 1913, mvula itakumba msewu wa ku Mbulumbuzi, njinga inawagwetsa onse awiri. Mzungu anadzuka n'kupukuta matope pachipewa chake cholimba. Malume anamenyetsa mutu pamwala. Kaya mlaza ukadawapulumutsa, sindidziwa.

Anakhala ndi moyo, koma dzina langa analiiwala, ndi la akazi awo lomwe. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti chimodzi chokha sanaiwale. Akangomva njinga yamoto ikulira patali, ankaimirira n'kuvula chipewa.