Chitini cha a Odeta

A Odeta a ku Mualadzi ndi mlamu wanga, ndipo ndinene poyamba pomwe kuti ndi munthu wosunga zinthu mpaka kukwiyitsa. Pepala lililonse lolowa m'nyumba mwawo limathera m'chitini cha mabisiketi, kaya ndi khadi la ubatizo, kaya kontarato ya mgwirizano wa fodya, ngakhale lisiti la njinga. Timawaseka, koma chifukwa chake timachidziwa. Ali mtsikana kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, chiswe chinadya khadi la chakudya la mayi awo, banja lonse nʼkutha mwezi likupempha ufa kwa anansi. Kuyambira pamenepo pepala amalisamala ngati khanda.

Achimwene anga atamwalira, a Odeta sanasiye kulima fodya. Chaka chatha analemba ntchito a Yonasi, bambo wachikulire wa ku Mchinji, wofatsa, wosalankhula pokhapokha atafunsidwa. Tsiku lofika, a Odeta anaona chitupa cha bamboyo chili m'thumba la malaya, chonyowa ndi thukuta. "Bweretsani kuno, chingawonongeke," anatero. Chinalowa m'chitini, iwo nʼkuiwalako.

Nthawi yothyola fodya kunabwera Inês, mtsikana mlangizi wa kampani yogula fodya wathu, pa njinga yake yamoto, ali ndi mafunso. Musaganize kuti kampaniyo yagwidwa chifundo. Inês yemwe anatiuza kuti kumayiko kumene fodya wathu amapita kuli lamulo loti ogula azilemba poyera chaka ndi chaka zimene akuchita kuti pasapezeke munthu wogwira ntchito mokakamizidwa. Kampani ikasowa choyankha, ogula amapita kwina. Akuopa msika basi. Komabe mafunsowo anayenda ulendo wonsewo mpaka kufika pachigafa cha mlamu wanga, pomwe ine ndi iwo tinkasoka fodya.

Inês anatengera a Yonasi pambali, pansi pa mtengo wa mango. Pobwera, nkhope yake inali itagwa.

"Amayi," anatero, "chitupa cha a Yonasi chili ndi inu?"

"Eya, chili bwinobwino m'chitini."

"Akazi awo ali chigonere kuyambira Khirisimasi. Iwo sanapite kukawaona chifukwa akuyesa chitupacho ndi chikole. Akuti kwina kumene anagwirako ntchito, munthu amachilandira fodya akagulitsidwa."

Singano inagwa m'manja mwa a Odeta. Ine ndinapsa mtima, ndinkafuna kumuuza mtsikanayo kuti bamboyo amadya mbale imodzi ndi ife, koma mlamu wanga anandigwira dzanja. Anayenda mpaka pamango paja nʼkugwada.

"A Yonasi, miyezi iwiri yonseyi, bwanji osanena?"

"Munandisunga bwino, amayi. Ndinkaopa kuoneka wosayamika."

A Odeta analira, ndipo ndinali ndisanawaonepo akulira chimwalirireni amuna awo. "Ine ndinakhalapo mlendo kwanu," anatero, "anthu anu anandipatsa ufa. Lero ndine wokutsekerani njira?"

Inês ananena motsitsa mawu kuti nkhaniyo ayenera kuilemba. "Lemba, mwananga," anayankha, "lemba mmene zilili."

Tsiku lomwelo a Yonasi ananyamuka pa njinga ya a Odeta, chitupa chokulunga m'pulasitiki, kumbuyo atamangirira nkhuku ndi nyemba. Fodya sadikira munthu, ndiye tinathyola ndife achibale, ine ndikung'ung'udza mzere uliwonse. Ndinkati bamboyo sabweranso, ndi njinga yomwe yapita.

Anabwera patatha masabata atatu, atameta. Akazi awo anawapeza ali moyo. Anawadwazika masiku asanu ndi anayi, kuwamwetsa phala ndi dzanja lawo, kenako atamwalira anawaika m'manda.

Atatha kufotokoza, anapisa m'thumba natulutsa chitupa chija, nʼkuchipereka ndi manja awiri. "Ndisungireni, amayi. Kwanga kuli chiswe."

A Odeta analowa m'nyumba. Ndinawaona akukhuthulira mapepala awo onse pa chitenje, a zaka makumi atatu, amene ngakhale ine saloleza kuwakhudza. Anatuluka ndi chitini chopanda kanthu nachiika m'manja mwa a Yonasi.

"Chiswe sichilowa umu," anatero. "Koma chizikhala kwanu."