Kompyuta ya Malemu Inali Ikadali M'kati

Chaka chomwe ndinali m'giredi 12, mayina athu onse ankasungidwa m'fayilo imodzi ya databesi. Inkakhala pa kompyuta ya a Sisitere, akulu a sukulu yathu, koma makompyuta a m'maofesi ena ankailowanso. Itatupa, inayamba kuzengereza, kenako inakaniratu kusindikiza mayina a olemba mayeso, omwe ankafunika ku Chipata Lachisanu. Wosapezekapo salemba. Kwathu ku Chiparamba anali atandiuza kale kuti za kubwereza kalasi ndiiwale, ndikaphonya ndikagwira khasu.

Aphunzitsi a kompyuta anandiitana poti ndinali wa kalabu yawo.

"Mankhwala ake ngosavuta," anatero. "Tiifinya, itaye zinyalala, idzikonze yokha. Koma yamba wakopera pa fulashi, tingalire."

Ndinakopera. Atadina pofinyira ndi kukonza, panatuluka uthenga woti fayilo ili m'manja mwa munthu wina. Ntchito imeneyi imafuna kuti aliyense atulukemo. Anandituma ku laibulale ndi ku chipinda cha aphunzitsi, onse anatseka. Titayesanso, uthenga unali womwewo.

"Ndani akukakamira ngati nkhupakupayu?" anadandaula.

Pambali pa databesiyo panali kafayilo kosonyeza amene ali m'kati. Tinayesa kukafufuta, kanakana. Titakatsegula tinapeza dzina la kompyuta imodzi, ya mayi mlembi. Aphunzitsi anachotsa dzanja pa mausi.

Mayi mlembi anali atamwalira mwezi wapitawo. Anakomoka ali pa ntchito masana, ndipo kuchipatala sanabwereko. Tsiku lomwelo a Sisitere anakhoma ofesi ya mayiwo, pakuti katundu wa malemu sagwiridwa abale asanabwere. Abalewo anali kutsidya kwa malire a pa Mwami, ankadikira kuti amalize kukolola. Maofesi athu amayendera sola, choncho kompyutayo sinazimepo.

A Sisitere anamvetsera atagwira kolona.

"Abale ake akadzamva kuti tinagwira zinthu zake?"

"Sitigwira, Sisitere. Tingotseka basi."

"Mutseka ndi chiyani, ndi maso?"

Kenako anatembenukira kwa ine. "Mwanawe, dzina lako lili momwemo?"

"Eya, Sisitere."

Anamasula kiyi pa lamba wawo.

Titafika pakhomo aphunzitsi anaima. "Lowa iwe, manja ako ngaang'ono, sugunda kanthu." Anaseka, koma pakhomopo sanasunthe.

M'katimo munali motentha, kompyuta ikung'ung'udza pansi pa tebulo. Juzi ya mayi mlembi inali pa mpando, ndipo m'kapu tiyi anali ataumiramo. Sindinakhale pansi. Nditagwedeza mausi, sikirini inawala. Panali tsamba la mwana wina wa giredi 8, dzina la mudzi wake litalembedwa theka. Kamzere kankaphethira pomwe zala zawo zinalekezera.

"Aphunzitsi, ndimalizitse?"

"Usayerekeze. Sitikudziwa zomwe ankafuna kulemba. Tseka, uzimitse."

Mayiwa ankandiitana kuti "mwana wa ku Chiparamba" ndipo ankandikalipira ndikalowa osagogoda. Ndinapezeka nditagogoda pa tebulo ndi chala. "Pepani amayi," ndinanong'ona, n'kutseka.

Titabwerera kwa a Sisitere, kafayilo kaja kanali katasowa kokha. Aphunzitsi anadinanso. Kamzere kobiriwira kanayenda pang'onopang'ono, kanaima pakati, kenako kanafika kumapeto. Databesi inatseguka yopepuka, makina osindikizira n'kuyamba kulavula mapepala. Dzina langa ndinalipeza pa tsamba lachiwiri, ndinaliwerenga mobwereza.

Mayeso ndinalemba. Koma chomwe chimandibwerera n'chakuti potuluka masana a tsiku la databesi lija ndinadutsa pa khonde la maofesi, ndipo panali zii. Mwezi wonse tinkamva kung'ung'udza kuseri kwa chitseko chija osazindikira kuti tikumva kanthu. Atsikana ena anayamba kulipewa khondelo n'kumazungulira njira ya kumunda, osadziwa chomwe chasintha. Ine ndinkadziwa, pakuti ndine ndinazimitsa.