Mwana Wanga Si Wogontha

Mwana wanga wamkazi anakwanitsa zaka zinayi, koma ukamuitana sankatembenuka. Apongozi anga, amene tinkakhala nawo ku Makhanga, anagamula kuti ndi wogontha. Wogontha wanji womva injini ya boti ili kutsidya, n'kutseka makutu?

Kuchipatala ku Nsanje anamupima n'kutiuza kuti makutu ali bwinobwino, koma ali ndi otizimu: ubongo wake umalandira mawu ndi phokoso mosiyana ndi ana ena. Anati tizilankhula naye motsitsa mawu, mwachidule, kenako tizidikira.

Ndinawafotokozera apongozi mpaka kukhosi kuuma. Iwo ankangomugwira paphewa n'kumukuwira m'khutu, poyamba m'Chimang'anja, kenako m'Chisena. Mwana ankathawira kuseri kwa nyumba, n'kumadzigwedeza akulira.

"Amayi, musakuwe, akumva!"

"Akanakhala kuti akumva bwenzi atabwera," ankandiyankha motero.

Chaka china chifuwa chinawagwira, mawu n'kuwathera. Ali gone pamphasa masana, ananong'ona kuti, "Iwe, madzi." Mwana anakhala kaye phee, kenako ananyamuka n'kubwera ndi kapu yodzaza.

"Wachira!" anatero apongozi ndi timawu tosasa. "Ndinkanena ine. Kukuwa kuja kwamutsegula makutu."

Ndinangotenga ndowa n'kupita kumjigo, kuopa kuwayankha zamwano.