Foni Imene Amayi Anagula Mvula Isanagwe

Chimene chimabwera poyamba m'maso mwanga ndi pepala lalikulu lachikasu lomatidwa pagalasi la sitolo ina ku Balaka, zilembo zake zofiira zitayamba kale kufwifwa ndi dzuwa. Linkanena kuti mitengo yatsika. Kuseri kwa galasilo mafoni anali atawandandalika ngati matemba pathandala, ena akuda, ena asiliva, ena opinda pakati. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, mphuno nditaikanikiza pagalasi lotentha, ndikudzifunsa funso limene linandivutitsa masiku onsewo: chinthu chosaola chingatsike bwanji mtengo? Za mango ndinkazimvetsa. Akachuluka amagwa okha, mbuzi n'kumadya mpaka kukhuta, ndipo wogulitsa amachita kukupempha kuti utenge. Nanga foni imaopa chiyani kuti mwini wake aithamangitse?

Unali mwezi wa Novembala, nthawi imene kwathu kwa Kawinga dziko lonse limakhala ngati likudikira mlendo. Mizere inali itagalauzidwa kale m'minda, yowuma gwa, utsi wa zinyalala zotenthedwa uli lende m'zigwa, nyenje zikulira m'mitengo mpaka makutu kuwawa. Pamjigo mzere wa zidebe unkafika kumsewu, ndipo ife atsikana tinkasewera phada podikira, miyala ikutentha m'manja. Milomo yathu inkakhala yachikasu ndi mango tsiku lonse. Amayi ankachita geni ya matemba ndi milamba yowamba kuchokera ku Chiuta, n'kumakagulitsa pamsika wa Ntaja, choncho zitenje zawo, tsitsi langa, ngakhale makope anga a kusukulu, zonse zinkanunkha utsi wa nsomba. Ababa anali ku Joni, chaka chachitatu.

Mbali yathu yonse ya mudzi foni inali imodzi, ya aneba athu Che Bwanali. Ababa ankaimba Lachisanu anthu akatuluka ku mzikiti, ndipo mwana wina ankathamanga kudzawaitana amayi. Foniyo inali ndi mawu aakulu ngati wailesi. Amayi ankayankhulira pakhonde, akazi a Che Bwanali atakhala pambali akupeta mpunga umene sunkatha kupetedwa, apongozi a Che Bwanali ali pampando, ana tonse titazungulira. Pofika madzulo, mawu aliwonse amene ababa anayankhula anali atafika kale pamjigo. Koma mawuwo anali omwewomwewo sabata iliyonse: kuno kuli bwino, ntchito ikuyenda, perekani moni kwa onse. Chonsecho miyezi inali itapita osatumiza kanthu, ngakhale sopo. Tsiku lina tikubwerera kunyumba amayi anayankhula okha, osati kwa ine kwenikweni, kuti mawu a munthu amene ali bwino samveka choncho.

Nkhani ya kutsika kwa mitengo anabwera nayo ndi mnzawo wa amayi wa pamsika, mayi wina amene ankapikula zitenje ku Balaka. Anati mu Novembala eni masitolo amangokhala manja ali m'masaya, chifukwa aliyense maso ali pa fetereza ndi mbewu, pomwe katundu watsopano wa Khirisimasi ali m'njira ndipo akufunika malo. Ndiye amatsitsa wakale. Koma Disembala akangolowa, a ku Joni n'kuyamba kutsika m'mabasi, mitengo imakweranso mosayang'ana nkhope. Ife ndife Asilamu, Khirisimasi sinali yathu, koma mitengo ya m'sitolo sinkafunsa kuti umapemphera kuti. Amayi anagulitsa mbuzi yaikazi imene tinkaisungira fetereza. Amalume atamva anabwera m'mawa kwambiri, nkhope ili gwaa, n'kufunsa ngati tidzadya foniyo mu Febuluwale. Amayi anawayalira mkeka, n'kuwapatsa tiyi. Ine ananditenga chifukwa ndinali mu Sitandade 6 ndipo ndinkatha kuwerenga Chingerezi cha pamabokosi.

Aka kanali koyamba kuti ndidutse Liwonde. Ndimakumbukira minibasi ikutsetsereka m'mapiri, makutu anga akutseka, kenako mlatho wa Shire, madzi ambiri chonchija pomwe kwathu zitsime zinali zitaphwa, namasupuni akuyandama ngati tizilumba. Kutsidyako kunali milambe yokhayokha yopanda masamba ndi kutentha kwina kumene sindinkakudziwa. Tisanatsike amayi anandipatsa malamulo: manja kumbuyo, osaloza, ndipo chinthu chikandisangalatsa ndiyang'ane kumbali.

Lamulo lomalizalo ndinalephera kulisunga pa sitolo yoyamba yomwe. M'katimo munkanunkha makatoni ndi pulasitiki yatsopano, fungo limene mpaka lero ndikalimva mtima umadumpha. Ma TV asanu ndi limodzi anali atayatsidwa pamodzi, ndipo munthu mmodzi yemweyo ankatsegula pakamwa m'malo asanu ndi limodzi nthawi imodzi. Ndinazungulira kuseri kuti ndione ngati pali chingwe chimene chinkamugawa. Kunali masipika aatali kuposa ine, mawailesi a tochi, ma sola otsamira kukhoma ngati zitseko za galasi, ndi timagetsi tobiriwira ndi tofiira tothwanima, tikuimba kanyimbo kamodzi kosatha ndi mawu ngati a udzudzu. Tinalowa sitolo ndi sitolo, amayi akufunsa mtengo mozizira ngati akufunsira munthu wina, ine ndikuwerenga mabokosi monong'ona. Ndinadabwa kuona kuti foni imodzimodziyo inali ndi mitengo itatu mumsewu umodzi, ndiponso kuti pepala lachikasu linali paliponse, ngakhale pamene mtengo sunatsike n'komwe.

Panjira yopita kudepoti tinakumana ndi mnyamata wovala magalasi akuda, atayala mafoni pathumba. Anatiika m'manja imodzi yonyezimira ngati golide, yokhala ndi kandodo kosolola ngati ka wailesi. Anati imaonetsa TV, imalowa masimu anayi, ndipo ikalira ngakhale wa kudimba amamva.

“Imvani kulemera kwake, mayi,” anatero. “Ya orijino imadziwika ndi kulemera.”

Inalidi yolemera, ndipo mtengo wake unali wotsika kuposa onse amene tinamva. Ndinawakoka amayi chitenje, malamulo onse nditaiwala. Ndinaona dzanja lawo likupita pamfundo ya mpango pamene anamanga ndalama, kenako likubwerera. Anati tiyambe tamwa madzi.

Tinakhala pakhonde la nyumba ina yakale, pafupi ndi tebulo la bambo wina wachikulire wokonza mafoni, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Patebulopo panali mafoni otsegulidwa mimba, tizitsulo ting'onoting'ono ngati mbewu za mpiru, ndi kachitsulo kotentha kamene kankatulutsa utsi wonunkhira ngati utomoni. Ndinasendera pang'onopang'ono mpaka mthunzi wanga unawatchinga. Atandifunsa chimene ndinkafuna, ndinafunsa zimene zinali kumtima kwanga: mawu a munthu amene ali ku Joni amalowera pati? Sanandiseke. Anandionetsa kabowo kolowera mawu, kachitsulo kowagwira m'mwamba, ndi kabwalo kobiriwira kokhala ndi tinjira tambirimbiri ngati mudzi ukauonera paphiri. Nditalimba mtima ndinawauza za foni yagolide ija ndi kulemera kwake. Anapisa dzanja m'chitini chimene chinali pansi pa tebulo, n'kutulutsa ina yofanana nayo ndendende, yakufa. Anaitsegula ndi chikhadabo. M'kati mwake munali mopanda kanthu kwenikweni, koma kuchivundikiro kwake anamatako kachitsulo kaphanthiphanthi, kadzimbiri, konga kodula ku khasu lakutha.

“Kulemera kwake ndi kumeneku, mwanangu,” anatero, n'kundiika kachitsuloko m'manja. Kenako anatembenukira kwa amayi. “Pitani sitolo yakumapeto uko. Za pagalasi zisiyeni. Mukafunse zotsala za chaka chatha zimene zili kuseri.”

Kumeneko mtsikana wogulitsa anatulutsa katoni yafumbi. Denga la chipinda chosungira katundu linadontha dzinja lapitalo, ndipo mabokosi ambiri anali ndi mawanga a madzi, ena ophwanyika ngodya. Munthu wogulira mnzake mphatso ya Khirisimasi sakanawayang'ana kawiri. Koma m'kati mafoni anali bwinobwino m'mapepala awo. Amayi anasankha kakang'ono kakuda, kopanda chokometsera china kupatula tochi kumutu. Kenako anayamba kunenerera, mofatsa, monga ankachitira ndi asodzi a ku Chiuta: kutchula mawanga a bokosi, kukhala chete, kuyang'ana kunja, kunyamuka, kubwereranso. Mwini sitolo, amene ankamvetsera ali kuseri kwa kauntala akudzikupiza ndi katoni, anatopa n'kuseka, ndipo pomaliza anawonjezerapo kasola kakang'ono ngati kope, kokalika pakona, pamtengo woti amayi anavomera msanga asanasinthe maganizo. Titaikamo simu, amayi anakana kutuluka osaiyesa. Mtsikana uja ananditchulira nambala yake, ine n'kudina, ndipo thumba la siketi yake linayamba kulira. Ndinakuwa sitolo yonse n'kutembenuka.

Kwathu netiweki inkapezeka malo amodzi okha odalirika, pachulu cha kumapeto kwa munda wathu. Tinapitako mawa lake dzuwa litapendeka, kumwamba kukuchita mdima mbali ya ku Chikala, mabingu akumveka patali. Nambala ya ababa inali kuchikuto cha kope langa la masamu. Nditaidina n'kumva kuti ikuitana, amayi analanda foniyo n'kundiuza kuti ndikaime pamtengo wa mango ndizithamangitsa mbuzi, ngakhale kuti panalibe mbuzi iliyonse. Mphepo inkandibweretsera mawu awo okha.

“Ndine. Iyayi, si ya Che Bwanali. Ndi yanga. Ndili ndekha kumunda, yankhulani.”

Kenako anangomvetsera nthawi yaitali kwambiri, moti ndinaganiza kuti foni yathu yafa kale. Ndinawaona akukhala pansi pachulupo, miyendo atatambasula, dzanja lina litagwira pachifuwa. Anafunsa kuti kuyambira liti. Pomaliza anayankhula mawu amene ndinawamva bwinobwino, chifukwa anawabwereza katatu: “Bwerani. Ndati bwerani choncho. Bwerani.”

Zonse anandiuza tikubwerera, akuyenda patsogolo osandiyang'ana. Makina ochekera matabwa kumene ababa ankagwira ntchito anawadula zala zitatu za dzanja lamanja, miyezi isanu m'mbuyomo. Ntchito inathera pomwepo. Ankagona pansi m'chipinda cha anzawo, kudya zimene anzawowo awagawira, ndipo Lachisanu lililonse ankaimba n'kunena kuti kuli bwino, chifukwa ankadziwa khonde la Che Bwanali ndi makutu onse amene ankakhalapo. Anali atatsimikiza mumtima kuti sabwera mpaka atapeza choti anyamule, ngakhale zitatenga zaka. Amayi anandiuza kuti nkhaniyi ndi ya m'nyumba mwathu, ndipo ndinaisunga, ngakhale inkandiyabwa pakamwa pamjigo.

Ababa anafika pakati pa Disembala, chimanga chitamera, msewu uli matope okhaokha. Tsiku limenelo pa Ntaja pankatsika anthu ambiri a ku Joni, ndi zikwama zikuluzikulu zamizeremizere, njinga zokulungidwa m'mapepala, ma TV m'makatoni, achibale akulimbirana kusenza. Ababa anatsika pomalizira, ataonda, atavala jekete kunja kukutentha, dzanja lamanja lili m'thumba. Katundu wawo yense anali kachikwama kamodzi koti ngakhale ine ndikanakanyamula ndi chala. Amayi anali atavala chitenje chawo cha pa Idi. Anagwada pamatope pomwepo kuwapatsa moni, anatenga kachikwamako, anapinda nkhata bwinobwino ngati akusenza thumba la mpunga, n'kukaika pamutu. Anayenda nako choncho kudutsa msika wonse, khosi lili njo, akupereka moni kwa aliyense.

Amalume sananame kwenikweni. Chaka chimenecho chimanga chathu chinali chachikasu ndi chofupika, ndipo mu Febuluwale tinadya kamodzi patsiku masiku ambiri. Koma tinali anayi pamkeka, ababa, amayi, mng'ono wanga ndi ine, osati atatu, ndipo ababa anaphunzira kugwira khasu ndi zala zimene zinatsala, kenako singano ya makina osokera, imene inatilera mpaka tonse tinamaliza sukulu.

Lero ndimakhala ku Liwonde, ndipo mitengo yotsika imandipeza ndili pampando, pafoni yanga yomwe, miyezi iwiri Khirisimasi isanafike. Palibenso amene amakwera minibasi tsiku lonse kukafunsa mtengo sitolo ndi sitolo, ndipo kwathu ngakhale ana oweta mbuzi ali ndi mafoni m'matumba. Sindinganene kuti ndimasowa masiku amene mudzi wonse unkamvera pakhonde limodzi. Koma ndimadzifunsabe kuti ndi angati amene akuimba lero kuchokera kutali, aliyense pafoni yakeyake, popanda womvetsera pambali, n'kumanenabe kuti kuli bwino. Ababa ankafunika malo opanda makutu a anthu, inde, koma ankafunikanso munthu woti akamva zoona asafunse kuti nanga mubweretsa chiyani. Disembala aliyense mabasi akamatsitsa anthu padepoti, maso anga sakhala pa makatoni. Ndimafunafuna amene watsika pomalizira ndi kachikwama kamodzi, ndipo sindichoka mpaka nditaona ngati pali amene wabwera kudzamulandira.