Madzi a pa Katope

M'chaka cha 2021 ndinali ndi zaka 73. Ndinkakhala ku Matema, mu mzinda wa Tete, ine ndi mkazi wanga. Iye anali atagona miyezi ingapo. Miyendo inatupa, mpweya unkamuvuta.

Ife ndife a ku Tsangano, pamwamba pa phiri, kumene nthawi yachisanu udzu umayera m'mawa. Nkhondo itafika tinathawira ku Malawi. Titabwerera tinapeza nyumba ili phulusa, ng'ombe palibe. Ndinatsikira ku Tete kuti ndigulitse kachewere chaka chimodzi, ndipeze zomangira. Chaka chimodzicho chinakhala zaka pafupifupi makumi atatu. Kumtunda ndinkapitako, koma ndinkathera pamsewu pomwe amapakira matumba. Kubwinja kwathu sindinakwereko.

Mkazi wanga sanawazolowere madzi a kuno. Ankati madzi a ku Tete amadutsa pakhosi, ludzu n'kutsala. Kwa iye madzi anali a pa katope, kasupe amene ankatuluka pansi pa mtengo wa katope kuseri kwa nyumba yathu yakale. Atadwala anayamba kuwatchula tsiku ndi tsiku.

Dzuwa litakula, mvula isanayambe, panabwera mtsikana wina wophunzira za madzi ndi miyala. Anzake ankamutchula kuti dotora. Makolo ake anali a ku Angónia, choncho tinkamvana. Ankafuna kudziwa kumene kunali akasupe paphiri lathu nkhondo isanabwere, chifukwa pamapu ake panalibe. Ogulitsa ku merikado, msika wa mumzinda, ndiwo anamulozera kwa ine.

“Bambo, akuti munaweta ng'ombe paphiripo,” anatero.

“Akunena zoona.”

“Akasupe mukuwakumbukira?”

“Ng'ombe siimwa fumbi. Ndinkadziwa asanu ndi anayi.”

Mkazi wanga ankamva ali m'kati. Anandiitana.

“Abambo, mupite. Mutenge chigubu chija. Musabwere nacho chili chabe.”

Ndinachitsuka, n'kusiya mwana wathu wamkazi akuyang'anira amayi ake.

Tinanyamuka atatu: dotora, ine, ndi motorista, woyendetsa galimoto, Mnyungwe wonenepa amene pakamwa pake sipankatseka.

“Madala, phirilo mukwera ndi mawondo ati? Kapena ndikuberekeni?”

“Iwe ukaona nkhungu uyesa nyumba yapsa. Samala zako.”

Anaseka mpaka kutsokomola. Titafika pamene msewu umathera anavala majekete awiri, n'kumatsatira pambuyo atanyamula katundu, akutukwana mphepo.

Kasupe woyamba, wa m'munsi, tinamupeza ali moyo. Apo ndinaona ntchito ya dotora. Anatchinga madzi ndi dothi, n'kuika kapaipi kuti onse adutse pamodzi. Anatchera ndowa, n'kuyang'ana pa telefoni kuti idzaza nthawi yanji. Anathira ena m'timabotolo. Anagogoda thanthwe ndi nyundo, n'kuyang'anitsitsa chibenthu chake. Kenako anagwada, n'kuyamba kutembenuza miyala ya m'madzi umodzi umodzi. Pansi pa mwala wina panatuluka nkhanu.

“Imeneyo musaigwire,” ndinatero. “Nkhanu ya pakasupe sitipha. Ndiyo mwini madzi. Ikachoka, madzi amachoka.”

Sanaseke. Anabwezera mwalawo pamalo pake.

“Ifenso timaifunafuna,” anatero. “Tikaipeza timadziwa kuti pano sipauma chaka chonse.”

Tinakwera. Wachiwiri ankadontha pang'ono, ndowa inachedwa kudzaza mpaka motorista anagona pathanthwe. Wachitatu anali mchenga. Wachinayi panali mizere ya chimanga. Ndinkaima, n'kuloza ndi ndodo, n'kunena kuti anali pano. Dotora ankaika chizindikiro pamapu ake. Tinagona kwa anthu, m'mawa n'kupitiriza. Mmodzi tinamupeza ali moyo kuseri kwa phiri, pamalo otsetsereka pomwe khasu silingafike. Ena onse anali fumbi.

Wa pa katope ndinamusiya komaliza.

Bwinja ndinalizindikira ndi mafuwa atatu amene anali akadali pomwepo. Katope panalibe. Panali chitsa chowola, chiswe chitachimanga. Pomwe mkazi wanga ankatunga panali kadzenje ka mchenga ndi ndowe za mbuzi.

Munthu amene ankalima pamenepo anali mdzukulu wa msuweni wanga. Ndinamubwereka khasu. Ndinakumba. Dotora sanandiletse. Mchenga unatha, panabwera dothi lofiira, louma ngati ufa. Ndinakumba mpaka m'chiuno, khasu linagunda thanthwe n'kulira. M'dothimo ndinapeza chigoba cha nkhanu, choyera, chopepuka ngati tsamba. Ndinachiika m'thumba la malaya.

“Anauma kale, agogo,” anatero mdzukuluyo. “Akuti akazi ankatunga ndi miphika yamwaye. Ena akuti ana anawotcha nkhanu n'kudya.”

Dotora anati tikwere pang'ono, andionetse kanthu. Pamwamba pa bwinjalo panali dambo. Ndili mnyamata dothi lake linali lakuda, ukaliponda linkagwedezeka, ng'ombe zinkatitimira mpaka m'mawondo. Tsopano linali mizere ya kachewere kuyambira uku mpaka uko, ndi ngalande zochotsa madzi. Pakati pake panang'ambika chigwembe chakuya kuposa munthu woimirira.

Dotora anatsikira m'chigwembemo, n'kundionetsa khoma lake. Pamwamba panali dothi lakuda lochepa, pansi lofiira, pansi penipeni thanthwe.

“Phiri ili ndi mwala wosalowa madzi, bambo,” anatero. “Mvula inkasungidwa ndi dothi lakudali ndi mizu ya udzu, n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa inu. Tsopano ikagwa imathamangira muno, tsiku lomwelo ili kale kumtsinje.”

“Ndikakumba kwambiri?”

“Mupeza mwala.”

“Angabwerere?”

“Akasiya kulima pano, n'kutseka chigwembechi, udzu n'kumera, mwina.”

“Liti?”

Anayang'ana ndodo yanga.

M'mphepete mwa munda munali matumba a kachewere atasokedwa kale, akudikira ngolo. Ndinawadziwa masokedwe ake. Otere ndinawatsitsa ambiri ku merikado. Mdzukuluyo ali ndi ana asanu ndi mmodzi, ndipo amadya za m'dambomo. Ndinamubwezera khasu lake. Sindinamve mkwiyo. Sindinamve kanthu. Mphepo inkawomba, ine ndinangoima.

Potsika tinadutsanso pa kasupe woyamba uja. Motorista anandilanda chigubu.

“Bweretsani kuno, madala. Madzi ndi madzi. Phiri lake ndi lomweli. Mayi sadziwa.”

“Ine ndikudziwa.”

“Ha! Inu a kumtunda, mitu ngati thanthwe lanulo. Munthu akudwala, mumupatse chigubu cha mphepo?”

“Ananditumira a pa katope.”

Dotora naye anati, motsitsa mawu, “Ndi ozizira bwino, bambo. Angawakonde.”

Ndinatenga chigubu changa. Pa zaka zonse za ukwati wathu sindinamunamizepo mkazi wanga ngakhale za mchere. Sindikanayamba atagona pamphasa. Motorista sanandilankhulenso mpaka titawoloka mlatho kulowa mumzinda.

Tete anatilandira ndi kutentha kwake, malata akulira. Ndinalowa m'chipinda. Mkazi wanga anadzuka pang'ono, n'kutambasula dzanja. Ndinamupatsa chigubu. Chinakwera chokha m'manja mwake. Anachigwedeza kamodzi, n'kuchiika pansi.

Ndinatulutsa chigoba chija, n'kuchiika m'chikhatho chake. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchitembenuza ndi chala.

“Mwiniwake anapita,” anatero.

“Anapita.”

“Nanga katope?”

“Chitsa.”

Anagwedeza mutu.

“Mafuwa anga?”

“Alipo onse atatu.”

“Chabwino. Ndipatseni a pampopi.”

Ndinamutungira m'kapu. Anali ofunda. Anamwa onse, n'kugona atayang'ana kukhoma. Kuyambira tsikulo sanatchulenso za madzi a kumtunda. Mwana wathu anati ndinali wouma mtima, ndikanangodzaza pena paliponse. Anansi ananena zomwezo.

Anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Kale tinkagwirizana kuti wotsogola adzagona kumtunda, koma masiku omaliza anati asamunyamule, kulibe chomwe akachite kumeneko. Tinamuika kuno, m'dothi lotentha la Anyungwe.

Dotora anabwera pa maliro. Anakhala ndi azimayi, anathandiza kutunga madzi. Pambuyo pake ananditumizira mapu aja. Akasupe amoyo anawalemba ndi madontho obiriwira, ouma ndi ofiira. Ndinawapachika pamsomali. Sindiwayang'ana kawirikawiri, chifukwa zimene zalembedwapo ndinazipondapo ndi mapazi anga. Ndikumva kuti dotora akupitabe kuphiriko, akukambirana ndi alimi zotseka chigwembe ndi miyala. Ndi ntchito yabwino. Adzamwa ndi ena.

Chigubu chili pansi pa bedi. Sindithiramo kanthu.

Akasupe ndinkadziwa asanu ndi anayi. Atsala atatu, mmodzi mwa iwo akudontha chabe. Anapita asanu ndi mmodzi, dambo limodzi, katope mmodzi, nkhanu sindikudziwa zingati. Ndi mkazi mmodzi.